Kodi Osman anayambadi ngati mfumu yaikulu?

Wofuna kudziwa: Abale, ndithandizeni. Mwana wanga wandifunsa za Osman, amene anayambitsa ufumu wa Ottoman. Kodi anali ndi dziko lalikulu kuyambira pachiyambi?

Mphunzitsi wopuma: Ayi mayi. Osman, mwana wa Ertuğrul, ankalamulira kadera kakang'ono ka Söğüt, m'dziko limene lero ndi Turkey, kumalire ndi ufumu wa Byzantium. Anatchuka mu 1302 atagonjetsa asilikali a Byzantium pa nkhondo ya Bapheus. Zitatero ankhondo ambiri anayamba kukhamukira kwa iye. Chimene chimandikhudza mtima ine ndi Bursa. Anauzinga mzindawu zaka zambiri, koma amene anaulanda ndi mwana wake Orhan, mu 1326. Manda a Osman ali komweko.

Mlongo wanu: Musaiwale za loto lija, aphunzitsi. Akuti atagona kunyumba kwa Shehe Edebali analota mtengo ukumera pamchombo pake, mthunzi wake n'kuphimba dziko lonse. Kenaka anakwatira mwana wa sheheyo.

Mphunzitsi wopuma: Zoona, koma nkhani ya lotoyo inalembedwa patapita zaka zoposa 100 iye atamwalira. Mwanayo mumuuze kuti ndi nthano.

Wofuna kudziwa: Zikomo kwambiri, ndimufotokozera madzulo ano.