Nkhani ya achimwene anga ija: atuluka

Ndabwera kudzathokoza nonse amene munandiyankha nditafunsa za achimwene anga, amene anawagamula zaka zinayi pa mlandu wothyola nyumba pomwe usiku umenewo anali kuntchito.

Ena munati tingopereka kangachepe kwa munthu wina amene ankati "akonza fayilo". Kunena zoona tinatsala pang'ono, mayi anali atagulitsa kale zinthu. Koma tinatsatira malangizo a mayi wina pano amene anati tipite ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma imene imapereka maloya kwa anthu osakwanitsa kulipira loya, tikapemphe apilo ku khoti lalikulu.

Chomwe chinatiyendetsa kwambiri ndi fayilo ya mlandu. Kangapo konse tikakaipempha, osunga fayiloyo ankangoti "bwerani mawa". Tinasiya kupempha pakamwa, tinalemba kalata, kope lathu n'kudindidwa chidindo. Loya atawerenga anapeza kuti mboni imodzi yokha ndiyo inati inawaona achimwene, mumdima, chapatali. Kaundula wa kuntchito, mmene achimwene anasaina usiku womwewo, khoti loyamba silinamuone n'komwe. Khoti lalikulu linafafaniza chigamulo. Tsiku lotuluka anabwera ndi kajumbo kamodzi m'manja, thalauza atamanga ndi chingwe chifukwa cha kuonda.

Amene muli m'vuto lotere, apilo ili ndi nthawi yake ndipo ndi yochepa, musadikire. Ife tinachedwa, mpaka loya anachita kupempha chilolezo chapadera. Wachibale asasaine sitetimenti imene sanaiwerenge. Ndipo belo ya kupolisi ndi yaulere, izi ndadziwira pano.

Wa "kukonza fayilo" uja sanaimbenso foni.