Nkhani yanga ndiyifikitse bwanji kwa mtolankhani wa zandale?

Wofunsa: Akuluakulu, pali nkhani yokhudza ndalama za boma. Ndimulembere bwanji mtolankhani kuti asaitaye?

Mkonzi: Yambani mwawerenga nkhani zake zisanu zaposachedwa, mudziwe zimene amalondola. Imelo isapitirire ziganizo zinayi: chachitika n'chiyani, akhudzidwa ndani, bwanji ikufunika lero. Umboni, kaya kalata kaya lipoti, muutchule pomwepo. Mphekesera zokha satenga, amaopa kusumiridwa.

Mlembi: Musanaulule kanthu, gwirizanani ngati dzina lanu lituluke kapena ayi. Mukayamba mwalankhula, basitu mwachedwa.

Wowerenga: Osatumizira atolankhani khumi nthawi imodzi, aliyense amafuna akhale woyamba. Akakhala chete masiku awiri, mukumbutseni kamodzi kokha. Madzulo ayi, amakhala pa liwiro lomaliza nkhani za mawa.