Amabezi thandizeni: ndine wamanzere, ndigule iti pa ziwirizi, nanga ampu yochokera ku America ija ndi bho?

Wamanzere wa kwa Kamwendo:
Moni nonse a pagulu pano. Pepani nkhani yatalika koma ndikufuna maganizo a anthu oti zinthuzi amazidziwa. Ndili kwa Kamwendo kuno ku Mchinji, ndimaimba bezi ku tchalitchi kwathu, koma ndine wamanzere. Gitala ya mpingo ndi ya anthu akumanja nde ndimangoitembenuza osasintha mawaya, waya wamkulu wa E amakhala pansi G pamwamba, ndinaphunzira choncho chifukwa timasinthana ndi mnzanga wina ndipo sangalole kuti ndizimasula mawaya Lamulungu lililonse. Pano ndagulitsa soya ndikufuna yangayanga, ndalama zonse ndili nazo ndi K900,000 ya gitala ndi ampu yomwe.

Yoyamba ndi Yamaha TRBX174 yakumanja, ili ku Lilongwe, mwini wake akuti K380,000 ndipo ndikhoza kupita kukaiyesa. Yachiwiri ndi Fender Jazz Bass yamanzere yeniyeni, ili ku Joni kwa munthu amene ndamudziwira pa WhatsApp, akuti K450,000 mpaka kufika ku Lilongwe pa basi koma ndiyambe ndatumiza theka. Zithunzi zokha ndi zokongola heavy. Ku ampu kuli Peavey TNT 115 yomwe inabwera mu kontena kuchokera ku America, mwini wake akuti sanailumikizepo chibwerereni, K350,000. Palinso ka ampu ka gitala ya lidi kotchipa komwe mlamu wanga akuti kakwana. Mtima wanga uli pa Fender ija osanama, moyo wanga wonse sindinagwirepo gitala yopangidwira dzanja langa. Mukuti bwanji akuluakulu?

Mnyamata wa Ng'oma:
Aise ingophunzira kumanja ngati anthu ena onse, manja onse awiri amagwira ntchito pa gitala. Mavuto ena ndi odziyamba dala kkkk

Wamanzere wa kwa Kamwendo:
Anandimenya kale ku pulayimale kuti ndizilemba ndi kumanja sizinatheke, nde ziyambe pa gitala?

Bezi wa ku Santhe:
Achimwene inenso ndine wamanzere nde mvetserani, pali chinthu chimodzi chomwe simunachiganizire ndipo ndi chachikulu kuposa dzina la gitala. Mwati munaphunzira E ali pansi. Gitala yamanzere yeniyeni ikabwera E adzakhala pamwamba, G pansi, ndiye zala zanu zonse zidzasokonekera, pomwe mumatsika mudzafunika kukwera, nyimbo zonse zomwe mumaimba osayang'ana mudzayambanso kuzifunafuna. Sikuti sizingatheke koma ndi miyezi ndithu, ndipo miyezi imeneyo ku tchalitchi akufunabe bezi Lamulungu lililonse. Komanso tsiku lomwe mudzapite ku ukwati kapena ku msonkhano wa makwaya opanda gitala yanu mudzabwerera ku yakumanja yotembenuza, chifukwa kuno yamanzere simuipeza yobwereka.

Nde yambani mwasankha kaye kuti mawaya muziwafuna bwanji, kenako muzisankha gitala. Mukati mukhalabe ndi E pansi palibe cholakwika, Jimmy Haslip yemwe anali wa gulu la Yellowjackets amaimba choncho ndipo ndi katswiri wodziwika dziko lonse. Zikatero Yamaha ija mungoitembenuza basi osakhudza waya ndi m'modzi yemwe. Chofunika ndi kusuntha kachitsulo kokolekapo lamba kuti kapite ku nyanga inayo, kalipentala aliyense wosamala aboola ndi kabowo kakang'ono. Zovuta zake mukuzidziwa kale, timabatani ta voliyumu timakhala kunsi kwa mkono nde umatha kudzitsitsa wekha pakati pa nyimbo, chingwe chimakugunda m'chigongono, ndipo timadontho ta m'mbali mwa khosi timayang'ana pansi. Chingwe gulani cha mutu wopindika, timadontho jambulani tanu ndi utoto wa m'zikhadabo, zatha.

Mukati mukufuna E pamwamba pa gitala yakumanja apo mpomwe pali ntchito. Kumutu kuja kuli kapulasitiki koyera komwe mawaya amadutsa, nut, timipata take tinasemedwa molingana ndi kukula kwa waya aliyense. E sangalowe pa mpata wa G, ndipo G pa mpata wa E amangogwedera nkumalira zizizi. Kamafunika kusintha, osati kungokapala ndi mpeni. Kenako kumusi pa bridge, pomwe mawaya amathera pa thupi la gitala, muyenera kusunthanso tizitsulo tonse kuti gitala isamaname mukakwera ku fret 12 (ma fret ndi tizitsulo topingasa ta pakhosi la gitala).

Wamanzere wa kwa Kamwendo:
Eeh akulu apa mwandiimitsa. Ine ndimangoti ikakhala yamanzere basi zonse zikhala zophweka. Nanga yamanzereyo ndikaiika mawaya mozondoka?

Bezi wa ku Santhe:
Zimatheka, thupi la gitala limakukhalani bwino, mabatani ali malo ake, koma ntchito ya nut ndi bridge ija ndi yomweyo. Nde muwerengere ndalama ya mmisiri ndi mawaya atsopano, ndipo mawaya a bezi si otchipa ngati a lidi.

Mlongo Nabanda:
Ine za mawaya sindidziwa koma za kutumiza theka kwa munthu wa pa WhatsApp ayi achimwene. Soya munalima movutikira. Ngati alidi ndi katundu apeze m'bale wake ku Lilongwe, gitala ifike kaye, muigwire, mulipire pomwepo.

Wa Kiyibodi ku Chinkhoma:
Fender Jazz yamanzere pa K450,000 ndi transipoti yomwe kuchokera Joni? Kwacha inagwa ndi 44% mu Novembala 2023 muja ndipo chigwereni zinthu zakunja sizinatsikepo, ndiye munthu akugulitseni Fender yeniyeni mtengo ofanana ndi Yamaha yoyambira? Zamanzere amapanga zochepa, nchifukwa chake zimasowa, sizitchipa chisawawa. Zomwe zadzadza ndi magitala opanda dzina omwe anthu amangomata chizindikiro cha Fender kumutu. Muuzeni ajambule kumutu kutsogolo ndi kumbuyo pomwe pali nambala. Za ku Mexico nambala yake imayamba ndi MN ngati ndi ya m'ma 1990, MZ ya m'ma 2000, MX kuyambira 2010, ndipo nambalayo mutha kuifufuza pa intaneti. Mwinanso ndi Squier, yomwe ndi kampani ya Fender yomweyo koma yotsika mtengo, si gitala yoipa ayi koma aitchule dzina lake ndi mtengo wake. China, zithunzi amatha kuzitembenuza pa foni gitala yakumanja nkuoneka yamanzere. Onani ngati zilembo za kumutu zikuwerengeka bwinobwino kapena zayambira kumapeto. Koposa zonse apange video call akuiliza, atchule dzina lanu.

Wamanzere wa kwa Kamwendo:
Ndamufunsa video call akuti netiweki ikuvuta komwe ali, atumiza mawa.

Mnyamata wa Ng'oma:
Netiweki kuvuta ku Johannesburg koma kwa Kamwendo ikugwira kkkkkk

aPhiri Okonza Mawailesi:
Mwana wanga, za gitala akuuzani anzanuwo, ine ndinene za ampu chifukwa ndi zomwe zimandipeza pa benchi pano ku Kasungu. Mawu oti sanailumikizepo chibwerereni musawatenge ngati nkhani yabwino. Ku America magetsi ndi 120V, kuno ndi 230V. Mukangosintha pulagi nkuibaya pakhoma, mwamwayi ipsa fyuzi yokha, mwatsoka transifoma ya mkati yapita, ndipo kuikulunganso ndi ndalama ina yoti mukanagulira ampu ina. Yang'anani kumbuyo pafupi ndi pomwe chingwe cha magetsi chimalowa, pamalembedwa. Pakakhala 220-240V zili bwino. Pakakhala 120V pokha mufunika step-down transformer, chipangizo chotsitsa magetsi athu kufika pa 120V, ya mphamvu yoposa yomwe ampuyo imakoka, osati tija ta m'thumba tometera ndevu. Za ku Japan nazo ndi 100V, samalani chimodzimodzi. Ndiye funso nali, ngati mwini wakeyo alibe step-down mukaiyesa bwanji? Ampu yosayesa musagule, olo atalumbira. Ndaonapo zambiri zoti munthu anaibaya kale inaphulika, kenako akugulitsa nkumati sinayakepo.

Kunena chilungamo Peavey TNT ndi chitsulo cholimba, sipika yake ndi ya mainchesi 15, ndipo zakalezo zimakonzeka chifukwa zida zake ndi wamba. Koma ndi yolemera zedi, pa kabaza simunyamula, muziganizire ngati mumayenda nayo m'mipingo ya kumudzi. Mukapeza poyesera chitani izi. Isanayake kankhani pepala la sipika pang'onopang'ono ndi zala mozungulira pakati, likamamveka kukhula mkati ndiye kuti koyilo inapsa kapena inakulungidwa mosalongosoka. Nunkhizani kumbuyo ngati kukumveka kupserera. Ikayaka musailize mphindi ziwiri nkulipira, isiyeni ilire theka la ola mokweza, matenda ambiri amaoneka ikatentha. Menyani E osagwira fret, ameneyo ndi mawu akuya kwambiri, pafupifupi 41Hz, sipika yodwala imayamba kupwepwera pomwepo. Mabatani akamalira kwekwe pozungulitsa musaope, ndi fumbi, umenewo ndi mwayi wanu wotsitsira mtengo.

Ka ampu ka lidi ka alamu anuko kasiyeni. Sipika yake sinapangidwire mawu akuya, mukakweza kuti mumveke pamwamba pa ng'oma ing'ambika mwezi usanathe ndipo chibale chithera pomwepo.

Wamanzere wa kwa Kamwendo:
Zikomo kwambiri bambo Phiri. Kwathu magetsi akathima timagwiritsa ntchito jenereta, pamenepo step-down igwirabe?

aPhiri Okonza Mawailesi:
Igwira koma jenereta zing'onozing'onozi mphamvu yake imakwera ndi kutsika, makamaka mafuta akamatha. Yatsani jenereta ikhazikike kaye kenako ampu, pozimitsa yambani ampu. Ikani kachipangizo koteteza kaja timaika pa filiji. Ndipo step-down muimangirire ku ampuyo ndi tepi kuti pulagi ya ampu isamaoneke nkomwe, chifukwa amene adzaiwotche si inu, ndi mwana wa kwaya wofuna kuthandiza tsiku lomwe mwachedwa.

Zida Zotchipa LL:
Bwana bwerani ku inbox tili ndi ma bass onse original ndi ma amp 2000 watts mtengo wa chibale

Admin:
Malonda ndi Lachisanu lokha pagulu pano, ndipo mtengo muzilemba poyera. Kachiwiri tikuchotsani.

Wa Kiyibodi ku Chinkhoma:
2000 watts pa kabokosi konyamula ndi dzanja limodzi ndi manambala a PMPO amenewo, ongolemba pa katoni. Funsani RMS, ndiyo mphamvu yeniyeni ya ampu. Pa tchalitchi cha ng'oma zamoyo 100W RMS ndi poyambira pabwino. Fender Rumble 100 ndi yopepuka ndipo kumbuyo ili ndi XLR, polowetsa chingwe chopita ku mikisa, Hartke ndi Laney nazonso zimapezeka zogwiritsidwapo kale ntchito. Rumble 25 ndi ya kuchipinda, ng'oma ikayamba simudzimva.

Mayi a Kwaya ku Mkanda:
Funso langa ndi lina. Mpingo wanu uli ndi mikisa ndi masipika akuluakulu? Ngati zilipo bwanji mukudzipha ndi ampu yaikulu ya m'thumba mwanu? Ife woimba bezi wathu amalowa ku mikisa kudzera pa DI box, kabokosi kakang'ono kotchipa kolumikizira gitala ku mikisa, kutsogolo kwake amangoika ka ampu kakang'ono koti azidzimvera yekha. Ndipo ndikuuzeni ngati mayi, ampu yanu ikangogona ku tchalitchi milungu iwiri yasanduka ya mpingo, achinyamata aziitenga ku maliro ndi ku zinkhoswe osakupemphani, ikawonongeka komiti idzati tikambirana.

Wamanzere wa kwa Kamwendo:
Mayi mwalankhula ngati mumapemphera kwathu kkk. Mikisa ilipo koma masipika ake ndi a mainchesi 12 ndipo akulira kale movutika ndi kiyibodi.

Bezi wa ku Santhe:
Nde ampu ikufunikadi. Koma mukapita kukaona Yamaha ija nayonso musaikhulupirire chifukwa cha dzina. Chachikulu ndi khosi, zina zonse zimasinthika. Ikani diso kumutu muyang'ane motsetsereka mpaka kumusi, likhale lowongoka kapena lopindikira kutsogolo pang'ono chabe, likakhala lopotoka mbali imodzi bwererani. Dinani E pa fret yoyamba ndi yomaliza nthawi imodzi, pakati patsale kampata kongokwana khadi la ku banki kapena kucheperapo. Mkati mwa khosi muli chitsulo chowongolera, truss rod, tengani allen key mumupemphe mwini wake apotoze pang'ono muone ngati chikuyenda, chikakhala cholimbiratu kapena mutu wake unadyeka gitalayo ndi nkhuni. Lizani fret iliyonse pa waya aliyense, inde zonse, asakufulumizitseni. Gwedezani chingwe pomwe chimalowa mumve ngati mawu akuduka. Onaninso pomwe khosi lakumana ndi thupi ngati pali mng'alu wolowa mu thabwa, wa penti yokha si nkhani. TRBX174 siyifuna batire nde ndi mtolo umodzi wochepa, magitala a active aja, ofuna batire, batire la 9V likatha pakati pa chitsitsimutso kumudzi mumangoima. Mawaya akakhala akuda osalira bwino tsitsani mtengo, kunyumba muwawiritse m'madzi kwa mphindi zingapo nkuwaumitsa bwino, amabwererako kwa kanthawi.

Ndipo poti muli ku Mchinji, Chipata ndi pafupi kuposa Lilongwe, dutsani pa boda ya Mwami tsiku lina mukazungulire. Mukagula kumeneko sungani lisiti chifukwa pa boda akhoza kufuna msonkho.

Mnyamata wa Ng'oma:
Paul McCartney nayenso ndi wamanzere, anagula Höfner yooneka ngati vayolini chifukwa mbali zonse ndi zofanana. Pezani yoteroyo aise mutchuke

Wa Kiyibodi ku Chinkhoma:
Uipeza kuti ku Mchinji imeneyo iwe

Wamanzere wa kwa Kamwendo:
Abale ndabweranso. Wa ku Joni uja watumiza chithunzi cha kumutu koma nambala sikuoneka, akuti inafufutika, video call akuti foni yake kamera inafa, ndipo pali wina wa ku Mzuzu akufuna kulipira lero nde ndifulumire. Ndamuuza agulitse kwa wa ku Mzuzuyo. Loweruka ndikwera minibasi kukaona Yamaha, ndikhalabe ndi E pansi. Wa Peavey wanditumizira chithunzi cha kumbuyo palembedwa 120V 60Hz, akuti atsitsa kufika K300,000 koma step-down alibe. Bambo Phiri, 60Hz imeneyo ndi vuto linanso? Ndipo alipo ku Lilongwe amene angandibwereke step-down kwa ola limodzi Loweruka, ndilipira ya drink.

aPhiri Okonza Mawailesi:
Kuno ndi 50Hz, transifoma yake izitenthako pang'ono kuposa kwawo koma zambiri zimapirira, bola mpweya uzipita kumbuyo osaikanikiza kukhoma. Musanapite funsani mtengo wa step-down ya 500W muphatikize pa K300,000 yo, mukaona ikufika pa mtengo wa ampu ya 230V yomwe mutha kuyesa pompo, tengani ya 230V. Ndipo fyuzi muitsegule muione, mukapeza anakulungamo waya kapena pepala la ndudu musafunsenso zambiri.

Mlongo Nabanda:
Mchimwene wanga amakonza mafiliji ku Area 25 ali nayo step-down, ndimufunse ngati ali pa shopu Loweruka. Muzipita m'mawa chifukwa masana amatseka.