Ulendo wa ku Peru titabereka zikwama

Wofunsa: Ine ndi mkazi wanga tikukonza zoyendayenda m'dziko la Peru pa basi. Kodi n'koyenera kuchoka ku Lima n'kulunjika ku Cusco?

Woyankha woyamba: Musatero, achimwene. Mzinda wa Cusco uli pamalo okwera mamita pafupifupi 3,400, kumene mpweya ndi wochepa moti alendo ambiri amamva mutu ndi kubanika. Mudzere kaye ku Arequipa, kumene n'kotsikirako, kuti matupi anu azolowere pang'onopang'ono.

Woyankha wachiwiri: Ngati mukufuna kukafika ku Machu Picchu, mabwinja a mzinda wakale wa anthu a mtundu wa Inca m'chigawo cha Cusco, wapansi kudzera pa njira ya m'mapiri yotchedwa Inca Trail, dziwani kuti njirayi amaitseka mu February chaka chilichonse, ndipo zilolezo zake zimatha msanga, choncho muguliretu.

Woyankha wachitatu: Mayi akatopa, sitima yochokera m'tauni ya Ollantaytambo n'kukafika kufupi ndi Machu Picchu ilipo.