Thandizeni pa m'bindikiro wa abambo wa Khristu Mfumu

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Ndili kuno ku Mulanje, ndipo gulu lathu la abambo achikatolika landipempha kuti nditsogolere m'bindikiro Loweruka lisanafike tsiku la Khristu Mfumu, Lamulungu lomaliza tisanalowe mu Adiventi, nyengo yokonzekera Khrisimasi.

Vuto langa ndi ili. Tikayamba za ufumu wa Yesu, abambo amakhotetsera nkhani ku ndale ndi milandu ya malo kwa anyakwawa. Tikafika pa imfa ndi chiweruzo, onse ziii, maso pansi. Ambiri amathyola tiyi m'maesiteti, amafika atatopa, ndiye sindikufuna kuwalalikira maola awiri.

Tinayesa kuwerenga Mateyu 25:31-46 mu mphakati (kagulu ka akhristu okhala moyandikana), za nkhosa ndi mbuzi zija, koma oyankhula anali amayi okha. Akatekisiti anandibwereka Katekisimu, komabe mulibe mafunso okambirana. Bambo mfumu, wansembe wamkulu wa parishi yathu, ali ndi matchalitchi ambiri oti ayendere.

Kodi alipo amene ali ndi kalata ya Papa Pius XI ya mu 1925, yokhazikitsa chikondwererochi, m'Chichewa? Nanga inu amene munatsogolerapo abambo, munkawafunsa chiyani kuti amasuke kukamba za moyo wosatha? Chonde ndithandizeni, nthawi yatha.