Khoma la alendo lapendekeka, ndigumule kapena ndipitirize?

Foromani, Mulanje: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Tikumanga buloko ya makalasi awiri pa pulayimale ina kuno, pamalo pomwe yakale inagwa ndi namondwe wa Freddy mu 2023. Kwabwera ana asukulu 14 ochokera ku Scotland, akhala masabata awiri, ndipo ndalama za simenti anasonkha okha kwawoko. Dzulo ndinapita kokalondola mchenga, ndinawasiya pa khoma lakumbuyo. Mmawa uno ndapeza akweza mizere isanu, koma nditaika levulo, chida choyezera kuongoka kwa khoma, khomalo lagonera kunja masentimita 3. Matope pakati pa mabuloko pena chala chimodzi, pena zala ziwiri. Anawo akondwa, zithunzi atumiza kale kwa makolo awo. Ndikusowa poyambira.

Mmisiri, Dedza: Gumulani lero lomwe achimwene. Matope adzulo sanagwire kwenikweni, mabuloko atuluka amphumphu, mungowapala ndi mpeni womangira n'kumangiranso. Mukadikira sabata muziwaswa ndi hamala, ndipo mukudziwa mtengo wa buloko masiku ano. Njerwa zootcha zoti mulowetse m'malo mwake lamulo linaletsa pa nyumba ngati sukulu kuyambira 2018.

Mmisiri, Zomba: Koma pulasitala sangabise? Alendo kuwakhumudwitsa n'kovuta, mwina chaka chamawa sabweranso.

Mayi injiniya, Blantyre: Ayi bambo, musayerekeze. Mizere isanu ndi mita imodzi yokha. Ngati lathawa masentimita 3 pamenepo, pofika pa lintala, mtanda wa konkire wa pamwamba pa zitseko ndi mawindo, likhala lili kuti? Pulasitala timapaka wa sentimita imodzi ndi theka basi, mukanenepetsa amang'aluka n'kumagwa. Komanso denga lidzakhala pakhoma lomwelo, pansi pake pali ana a Sitandade 1, mphepo ya ku Mulanje mukuidziwa nokha. Vuto si anawo, a foromani, sanagwirepo mpeni chibadwire. Anasiyidwa okha.

Foromani, Mulanje: Pamenepo mwanena zoona mayi, ndinalakwa ndine.

Mmisiri, Dedza: Ine ndinagwirapo ndi gulu lotere. Makona onse muzikweza nokha ndi levulo, kenaka kokani chingwe, iwo azingodzaza pakati motsata chingwecho. Dulani kandodo, mulembe mizere ya kutalika kwa buloko kuphatikiza sentimita imodzi ya matope, aliyense aziyezera pomwepo. Ana awiri, mmisiri mmodzi pambali pawo. Otsalawo asefe mchenga, akankhe wilibala, athire madzi khoma mmawa ndi madzulo kwa masiku 7, ntchito imene anyamata athu amaizemba. Posakaniza aziyeza ndi ndowa, osati fosholo, chifukwa fosholo ya mwana ndi ya munthu wamkulu sizidzadza mofanana. Ndipo avale magolovesi, simenti imawotcha manja, aja ndinali nawo ine anasupuka zala tsiku lachiwiri.

Mayi injiniya, Blantyre: Bulikifosi, waya woyala pakati pa mizere ya mabuloko kuti khoma lilimbe, musaiwale pomanganso. Ndipo yambani mwalankhula ndi aphunzitsi awo pambali, asamve ana ali pomwepo.

Foromani, Mulanje: Zikomo nonse, zatheka. Aphunzitsi awo anamvetsa msanga. Kenaka ndinapatsa mtsikana mmodzi levulo kuti aike yekha pakhoma. Anayang'anitsitsa kathovu ka m'levulomo katathawira kumbali, anakhala duu, kenaka n'kuitana anzake. Agumula okha, tangotaya mabuloko atatu. Makona awiri ndakweza kale, mawa 7 koloko tikoka chingwe. A ku Dedza, kandodo kaja mumalemba mpaka pa lintala kapena mumadula kena mukafika pa windo?