Zija ndinafunsa za ma telomere, yankho lapezeka

Abale, paja ndinafunsa kuti ngati DNA (malangizo a chibadwa amene ali m'maselo athu) imafupika nthawi iliyonse selo likagawikana, zimatheka bwanji kuti mwana abadwe ndi makromozomu (timitolo ta DNA) athunthu? Aphunzitsi ena a sayansi kuno ku Luchenza andifotokozera, ndiye ndati nanunso mumve.

Selo likamagawikana, enzyme (puloteni yogwira ntchito inayake m'selo) yokopera DNA siifika kunsonga kwenikweni kwa kromozomu. Mwamwayi kunsongako kuli ma telomere, zilembo za DNA TTAGGG zobwerezedwa kambirimbiri, ndipo ndi zomwe zimadyeka, majini enieni (zigawo za DNA zonyamula malangizo a chibadwa) osakhudzidwa. Ma telomere akafupika kwambiri, selo limaleka kugawikana.

Yankho la funso langa ndi telomerase. Enzyme imeneyi imayenda ndi kachidutswa kakekake ka RNA (chinthu chofanana ndi DNA), komwe imakagwiritsa ntchito ngati chikombole powonjezera TTAGGG kunsonga kuja. Imagwira ntchito m'maselo opanga umuna, m'mluza ndi m'maselo ena opanga anzawo, monga a m'mafuta a m'mafupa. M'maselo ambiri a thupi imangokhala chete. Carol Greider ndi Elizabeth Blackburn anaitulukira mu 1984, ndipo mu 2009 analandira mphoto ya Nobel limodzi ndi Jack Szostak.

Chandikhudza kwambiri n'chakuti pa khansa 100 zilizonse, pafupifupi 85 mpaka 90 zimaidzutsanso telomerase, n'chifukwa chake maselo ake amangogawikana osaleka.